Kalondolondo wa chisamaliro cha anthu omwe ali ndi HIV

Munthu akayamba kumwa ma ARV, ulendo uliwonse wa kuchipatala umalembedwa pakhadi, m'kaundula kapena pakompyuta: tsiku limene wabwera, sikelo yake, mankhwala amene walandira ndi tsiku lodzabweranso. Azaumoyo akasonkhanitsa zolembedwazi kuchokera m'zipatala zambiri, amaona ngati thandizo likuwafikiradi anthu. Malipoti amene amapita kulikulu amakhala a ziwerengero zokha, mayina amatsala kuchipatala.

Mulingo wodziwika ndi wa bungwe la UNAIDS, loona za Edzi pansi pa United Nations, wa 95-95-95. Pa anthu 100 aliwonse omwe ali ndi kachilombo, 95 azidziwa kuti ali nako. Pa odziwawo, 95 pa 100 azimwa mankhwala. Pa omwa mankhwalawo, 95 pa 100 tizilombo tikhale titachepa m'magazi.

Gawo lachitatuli limadziwika poyeza magazi. Bungwe la WHO limalangiza kuyeza viral load, kutanthauza kuchuluka kwa tizilombo ta HIV m'magazi, pakatha miyezi 6 ndi 12 chiyambireni mankhwala, kenako kamodzi pachaka. Zotsatira zikapitirira tizilombo 1,000 pa mililita imodzi ya magazi, munthuyo amalandira uphungu wa kamwedwe ka mankhwala n'kuyezedwanso pakatha miyezi 3. Zikakhalabe zokwera ngakhale akumwa mwandondomeko, mwina tizilombo tasiya kumva mankhwalawo, ndipo dokotala amaganizira zowasintha. Zolakwika pa kuyezaku n'zodziwika: magazi kuwonongeka panjira, zotsatira kuchedwa ku labotale, kapena kufika n'kungoikidwa m'failo wodwala osauzidwa. N'chifukwa chake kuwerenga anthu oyezedwa kokha sikukwanira. Tiyenera kuwerenganso amene anamva zotsatira zawo ndi amene anathandizidwa pambuyo pake.

CD4, chiwerengero cha maselo oteteza thupi m'magazi, ikakhala yochepera 200, matenda afika patali, ndipo munthuyo ayezedwe mwamsanga chifuwa chachikulu ndi cryptococcus, kachilombo koyambitsa matenda oumitsa khosi. Chipatala chikamalandira anthu otere ambiri, ndiye kuti akuchedwa kuyezetsa kapena anasiya mankhwala n'kubwerera atadwalika.

Pa mulingo wa WHO, amene wadumpha tsiku lake ndi masiku opitirira 28 amawerengedwa ngati wasiya thandizo. Komatu si onse amene amakhala atasiyadi. Wina anasamuka popanda kalata n'kukalembetsa kwina ngati watsopano, motero chipatala chakale chikumuyesa wosowa pomwe chatsopano chamuwerenga kachiwiri. Wina anamwalirira kunyumba, uthenga sunafike. Ziwerengero zikasokonekera chonchi, mankhwala amaitanitsidwa osakwanira kapena ochuluka, ndipo azaumoyo amataya nthawi kufunafuna anthu omwe akumwa mankhwala bwinobwino.

Ngati muli pa mankhwala, posamuka tengani kalata yosinthira chipatala, nambala ya foni ikasintha adziwitseni achipatala, ndipo mukatengedwa magazi funsani tsiku lodzamva zotsatira. Inu azaumoyo, lembani pakhadi wodwala asanatuluke m'chipinda, ndipo sabata iliyonse unikani mndandanda wa amene sanabwere kuti afufuzidwe masiku 28 asanakwane.