Madzi odutsa m'bango si akumwa ayi

Pali mphekesera yoti madzi oipa akangodutsa m'bango kapena mu namasupuni ndiye kuti ayera, munthu angathe kumwa. Limeneli ndi bodza loopsa.

Zomera zimathandizadi, koma ntchito yaikulu imagwiridwa ndi tizilombo tokhala kumizu. Pofuna kusefa madzi ndi bango, madziwo ayambe adikha m'thanki kuti zinyalala zitsike pansi, apo ayi malo osefera madziwo amatsekeka msanga. Kenako ayende pang'onopang'ono masiku angapo m'miyala ing'onoing'ono yozama pafupifupi masentimita 60, momwe mwabzalidwa bango. Fungo ndi litsiro zimachepa, koma tizilombo ta kolera titha kutsalamo. Akumwa aziwiritsidwa mpaka kubwata kwa mphindi imodzi, kapena kuthiridwa kolorini.

Mtovu, chitsulo cha poizoni chomwe chingapezeke m'madzi oipa, suchoka ndi kuwiritsa. Zomera zikauyamwa suthera pomwepo, umakhala m'mizu ndi m'masamba, choncho zodulidwazo zisapatsidwe ziweto.

Akatswiri a Chisilamu amagwirizana kuti madzi omwe mtundu, kakomedwe kapena fungo lasintha chifukwa cha najisi (zonyansa monga mkodzo) sayenera wudhu (kudziyeretsa ndi madzi pokonzekera kupemphera). Koma kuyenera wudhu sikutanthauza kuyenera kumwa. Ndipo bango si chilolezo choipitsira mtsinje: Mtumiki Muhammad (SAW) analetsa ngakhale kukodza m'madzi osayenda.