Theka la Amalawi ndi osauka: chiwerengerochi chimachokera kuti?

Anthu akamva kuti ntchito yanga ndi yowerengera chuma cha mabanja, amathamangira kufunsa kuti timadziwa bwanji kuti uyu ndi wosauka. Ambiri amayesa kuti timafunsa malipiro. Msodzi wa pa Kachulu kapena mlimi wa ku Jali salandira pa mwezi, ndipo ukamufunsa zomwe amapeza angokuseka. Timafunsa zomwe banja ladya ndi kugwiritsa ntchito. Masiku asanu ndi awiri apitawa ufa wapita wochuluka bwanji? Wogula kapena wa m'nkhokwe? Nanga matemba, mafuta, mchere? Kenaka sopo, chigayo, zovala, mankhwala. Chimanga cholima wekha nacho chimaikidwa mtengo ngati kuti wachigula pamsika.

Kafukufukuyu amayendetsa ndi ofesi ya boma ya ziwerengero, NSO, yomwe likulu lake lili konkuno ku Zomba. Pa wa 2019 mpaka 2020, malire a umphawi anali K165,879 pa munthu pa chaka, ngati K454 patsiku. Anthu 50.7 mwa 100 aliwonse sanafike pamenepo, ndipo 20.5 mwa 100 anali ovutikitsitsa, oti ngakhale zonse akanaika ku chakudya sichikanakwana. Mu 2010 mpaka 2011 chiwerengero chinali 50.7 yemweyo. Mu 2004 mpaka 2005 chinali 52.4. Koma kalembera wa 2008 anapeza anthu 13 miliyoni, wa 2018 anapeza 17.5 miliyoni, ndiye theka la lero ndi khamu lalikulu kuposa theka lakale.

Chomwe chiwerengerochi chimabisa n'chakuti osauka sakhala omwewo chaka ndi chaka. Banja limakolola bwino, ligula mbuzi, likhoma malata. Kenaka Nyanja ya Chilwa iuma ngati mu 1995 ndi 2018, kapena namondwe wa Freddy akokolola munda ngati mu 2023, kapena kwacha igwa ndi 44 pa 100 monga inachitira mu Novembala chaka chomwecho. Mbuzi zija zigulitsidwa motchipa. Januwale akafika bambo ali pa ganyu m'munda mwa wina, wawo udzu ukukula, ndiye kuti njala ya chaka chamawa yadzalidwa kale. Ena akukwera, ena akutsetsereka, chiwerengero chili phee.

N'chifukwa chake ine sindinyoza Mtukula Pakhomo, thandizo la ndalama lochokera ku boma, lomwe linayambira ku Mchinji mu 2006 kuthandiza mabanja ovutikitsitsa opanda wogwira ntchito. Kandalamako n'kochepa, koma kamaletsa banja kugulitsa mbuzi kapena kukagwada kwa akatapila.

Komabe tisadzinamize. Mu 2008 ndi 2009 m'boma lino la Zomba munachitika kafukufuku wodziwika padziko lonse, wopatsa ndalama atsikana a zaka 13 mpaka 22 ndi makolo awo. Ena ankalandira pokhapokha akapita kusukulu, ena popanda lamulo lililonse. Oyambawo anakhalitsa pasukulu. Enawo mimba ndi maukwati zinachepa, makamaka mwa omwe anasiya sukulu, poti ndalama sinaleke kubwera. Ofufuza atabwerera patatha zaka ziwiri ndalama zitatha, zambiri mwa zabwinozo zinali zitazilala. Ndalama inagwira mtsikana dzanja pa nthawi yovuta, koma kumudzi kunalibe ntchito yomudikira, ndipo munda wa makolo ake unali womwe uja, wodalira mvula.