Magazi mu mkodzo si likodzo nthawi zonse

Kuno ku Chikwawa ndi Nsanje munthu akakodza magazi aliyense amangoti likodzo basi, ndipo nthawi zambiri amakhala akunena zoona poti ana athu amakulira m'madzi a Shire ndi m'ngalande za mzimbe ku Nchalo. Ife kuchipatala timapereka praziquantel, mankhwala a likodzo, nkhani yatha. Koma pali ena amamwa kawiri katatu magazi osasiya, amabwera atagwira nthiti mbali imodzi, thupi likutha, usiku thukuta kamukamu olo mu Juni.

Oterewa ine ndimayamba kuganizira TB ya mu impso. Eya TB yomweyi, sikhala m'mapapo mokha. Tizilombo take timayenda ndi magazi nkukabisala mu impso mwina zaka 10 kapena kuposa, munthu osatsokomola olo pang'ono. Siyofala, nchifukwa chake imatidutsa.

Tikakufunsani kuti magaziwo akubwera nthawi yanji musachite manyazi, a likodzo amadontha kumapeto mukamamaliza, ochokera ku impso amasakanikirana ndi mkodzo wonse. Ku labu akaona mafinya koma mazira a likodzo kulibe, tizilombo ta masiku onse kulibenso, timapempha mkodzo woyamba wa m'mamawa masiku 3 otsatizana, tiyeze TB, kenako sikani.

Mankhwala ndi omwe aja a miyezi 6. Rifampicin, amodzi mwa mankhwalawa, amafiiritsa mkodzo ngati Sobo wa olenji, ambiri amathamangira kuchipatala kuti magazi achuluka, ayi ndi mankhwala chabe.

Nanga mpeni wa opaleshoni umabwera pati? TB ikamapola imasiya zipsera, ndiye kanjira kotsitsa mkodzo kuchoka ku impso kamatha kupanikizika, apo madokotala aku Queens amalowetsamo kachubu kotchedwa stent kuti impso isatupe. Koma ikakhala kuti inafa kale yangosanduka thumba la mafinya, ikuwawa, ikutaya magazi kapena kukweza BP, imachotsedwa yonse. Sathamangira ayi, wodwala amayamba wamwa mankhwala masabata 4 kapena kuposerapo, ayezenso magazi kuti atsimikize kuti inayo ikugwira ntchito.

Apa mpomwe achibale amagwira njakata, eti adokotala munthu akhala bwanji ndi impso imodzi? Amakhala ndithu, kulima kukwera njinga bwinobwino. Chomwe ndimakangana nawo ndi brufen ndi diclofenac wogula pa okala, ameneyu amapweteka impso yotsalayo, makamaka ndi dzuwa la ku Ngabu munthu wakhala m'munda tsiku lonse osamwa madzi.