Kuchoka pabwalo la gule kukafika patebulo la bodi

Mu Okutobala 2020 amayi anatuluka m'misewu ya Lilongwe, Blantyre ndi Mzuzu atanyamula zikwangwani. Chimene chinawatulutsa m'nyumba sichinali mtengo wa chimanga kapena wa feteleza, koma mndandanda wa maina. Boma la Lazarus Chakwera, limene linalowa mu Juni chaka chomwecho, linali litangolengeza anthu okakhala m'mabodi a makampani ndi mabungwe a boma, ndipo anthu atawerenga mainawo anapeza kuti m'mabodi ambiri amayi ndi owerengeka. Bala linali lisanapole, chifukwa mu Julayi, pa nduna 31 zimene zinalengezedwa, amayi analipo 12, koma 4 okha ndiwo anapatsidwa unduna wathunthu. Enawo anali achiwiri kwa nduna.

Masiku amenewo ndinamva anthu ena akunena kuti amayiwo akungolimbirana maalawansi a misonkhano. Mawu amenewo anandipweteka, ndipo amandipwetekabe. Wonena choncho sadziwa kutalika kwa njira imene amayi a dziko lino ayenda kuti afike pakhomo la chipinda chimene amamangiramo mfundo.

Tulutsani K200 m'thumba muone nkhope imene ili pamenepo. Ameneyo ndi Rose Chibambo, wobadwira ku Kafukule m'boma la Mzimba mu 1928. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950, ali ku Zomba kumene amuna awo a Edwin Chibambo ankagwira ntchito m'boma, anayamba kuyenda khomo ndi khomo kusonkhanitsa amayi kuti akane chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland. Palibe amene anawaitana kuti bwerani mudzatsogolere. Gulu la amayi la Nyasaland African Congress analimanga ndi miyendo yawo, pamodzi ndi anzawo monga Vera Chirwa. Atsamunda atalengeza za ngozi m'dziko pa 3 Malichi 1959 n'kuyamba kumanga atsogoleri a Congress, mayi Chibambo anali ndi pakati potopa. Anawadikira. Atangochira, anawatenga pamodzi ndi khanda lawo kupita nawo kundende ya Zomba, ndipo mwanayo anam'tcha dzina loti Gadi. Taganizirani mayi wochira kumene, wofunika phala lotentha ndi madzi ofunda, akuyamwitsa mwana kuseri kwa chitseko chachitsulo.

Pofika 1964 anali phungu wa Nyumba ya Malamulo, mayi yekhayo m'nyumbamo, komanso anali ndi udindo wothandizira nduna. Sizinakhalitse. Mu Seputembala chaka chomwecho, miyezi iwiri yokha dziko litalandira ufulu, Kamuzu Banda anasemphana ndi nduna zake, nachotsa Orton Chirwa, Kanyama Chiume, Augustine Bwanausi ndi mayi Chibambo. Mayi Chibambo anathawira ku Zambia, ndipo kwawo anadzakuonanso mu 1994. Anamwalira mu 2016.

Chimene chinatsatira kuchoka kwawo ndicho muzu wa nkhani yonse. Gulu la amayi lija silinathe, koma linasintha ntchito. Amayi onse a m'dziko anasanduka mbumba za Kamuzu, iye n'kudzitcha Nkhoswe Nambala Wani. Mawuwa anawatenga m'mwambo wathu weniweni. Kwathu mbumba ndi alongo ake a munthu pamodzi ndi ana awo, ndipo nkhoswe ndi amene amaiteteza, kuiimira pa ukwati ndi kuiyankhulira pa mlandu. Apa ndiye pagona nkhani: pa bwalo woyankhula ndi nkhoswe, mbumba imakhala pamphasa n'kumamvetsera. Sindikukana kuti mbumba zinali ndi mphamvu yake. Mwamuna woletsa mkazi wake kupita kokayeserera gule ankadziwa kuti akuputa chipani. Koma mphamvu yoopedwa ndi ina, mpando wopangira chiganizo ndi winanso.

Azakhali anga ankasimba za masiku amenewo popanda mkwiyo, ngati munthu wosimba za mvula ya chaka china. Uthenga ukabwera kuti Ngwazi ikubwera kudzayendera mbewu, ankasiya khasu m'munda, udzu uli wofunika kupalira, n'kupita kukayeserera nyimbo masiku angapo. Tsiku lenilenilo ankakwera lole mbandakucha, atavala nsalu ya nkhope ya Kamuzu, mwana kumbuyo, n'kukaima padzuwa mpaka madzulo. Chimene ankanyadira n'chakuti iwo ndiwo ankasunga buku la maina a amayi a m'dera lawo, ndipo sanalakwitsepo chiwerengero. Munthu wa mutu wotere akanatha kusunga mabuku a kampani. Anamupatsa buku la ovina.

Mu 1985 kunabadwa Chitukuko Cha Amayi m'Malawi, CCAM, chotsogozedwa ndi Mama Cecilia Tamanda Kadzamira. Kumeneko kunali zosokasoka, zophikaphika, minda ndi ntchito zachifundo, zonse zili pansi pa mthunzi wa chipani. Lamulo la kavalidwe la 1973, loletsa mayi kuvala buluku kapena siketi yaifupi, linali likugwirabe ntchito mpaka 1993.

Koma sukulu yeniyeni ya utsogoleri wa amayi inali kwina, ndipo olemba mbiri saitchula mokwanira. Inali ku Mvano, ku Chigwirizano, ku Umanyano, ku Dorika ndi m'magulu a amayi a Chikatolika. Kumeneko mayi ankasankhidwa kukhala wapampando, mlembi kapena msungichuma. Ankaphunzira kutsegula msonkhano, kulemba zimene agwirizana, kuwerengera ndalama za chopereka pamaso pa anzake ndi kuyankha akafunsidwa kuti tambala yakuti yapita kuti. Lero mwambo womwewo mukaupeza ku banki m'khonde, kumene bokosi la ndalama limakhala ndi maloko atatu, makiyi ake ali kwa amayi atatu osiyana, ndipo silitsegulidwa gulu lonse lisanakhale pansi. Akatswiri a za kayendetsedwe ka makampani amaphunzitsa zomwezi m'mahotela ndi mawu akuluakulu.

Mphepo ya matipate itayamba kuomba, amayi amene ankafuna kutumikira dziko anaona kuti khomo la chipani limatulukira kubwalo la gule, ndiye anadziboolera khomo lawo. Khomo limenelo linali mabungwe omwe si aboma. Joyce Banda anayambitsa National Association of Business Women mu 1990, kuthandiza amayi a geni kupeza ngongole ndi maphunziro a bizinesi. Emmie Chanika, namwino, anali patsogolo poyambitsa Civil Liberties Committee mu 1992, nthawi imene kungotchula za ufulu wachibadwidwe kunali kuika khosi pa mpeni. Nanga Vera Chirwa? Loya woyamba wamkazi m'dziko muno, anagwidwa ndi amuna awo a Orton kum'mawa kwa Zambia pa 24 Disembala 1981, khothi lamakolo n'kuwagamula kuti aphedwe mu 1983, chilango chimene chinasinthidwa kukhala ndende ya moyo wonse. A Orton anafera m'ndende ya Zomba mu Okutobala 1992. Mayi Chirwa anatuluka mu Januwale 1993, ndipo m'malo mokapuma anayambitsa Malawi CARER, bungwe lothandiza anthu wamba pa nkhani za malamulo, kenako anadzatumikira Africa yonse ngati woyang'anira za momwe akaidi akusungidwira m'ndende. Munthu amene anagona pansi m'ndende zaka zoposa 11 ndiye ankalowa m'ndende za mayiko ena kukafunsa akaidi ngati adya.

Ena anadzera njira ya m'boma, kukwera pang'onopang'ono. Anastasia Msosa anakhala jaji woyamba wamkazi wa khothi lalikulu mu 1992, ndipo ndi iwo amene anali wapampando wa bungwe loyendetsa zisankho pa chisankho cha 1994, chimene chinachotsa Kamuzu pampando mwamtendere. Dziko lonse linali pamoto wa nkhawa, ndipo mpando wotentha kwambiri unali ndi mayi. Mu 2013 anadzakhala mkulu wa makhothi onse. Koma njira ya m'bomayi ili ndi minga yake. Mary Nangwale anasankhidwa kukhala mkulu wa apolisi mu 2004, aphungu n'kumukana mu 2005. Martha Chizuma, amene anagwira ntchito yooneka ngati Ombudsman, womva madandaulo a anthu olakwiridwa ndi nthambi za boma, komiti ya aphungu inayamba yamukana mu 2021 asanavomerezedwe kutsogolera bungwe lothana ndi katangale, ndipo mu Disembala 2022 apolisi anakamutenga kunyumba kwake kusanache.

Ku Nyumba ya Malamulo chiwerengero chakhala chikukwera ndi kutsika. Mu 1994 amayi analipo 10 pa aphungu 177. Kampeni ya 50:50, imene mabungwe monga NGO Gender Coordination Network ya mayi Emma Kaliya anaikokera limodzi ndi boma, inathandiza kuti mu 2009 afike 43 pa 193. Chaka chomwecho Joyce Banda anakhala wachiwiri kwa pulezidenti. Anam'nyoza kuti ndi mayi wogulitsa mandasi, ena n'kumati ng'ombe yaikazi sikoka ngolo, koma Bingu wa Mutharika atamwalira, malamulo a dziko anam'khazika pampando pa 7 Epulo 2012. Mu 2014 anagonja pa chisankho, ndipo aphungu aakazi anatsika kufika pa 32. Anthu ambiri analanga amayi onse chifukwa cha zimene anaona ngati zolakwa za mayi mmodzi, chinthu chimene sanachitepo kwa abambo ngakhale atalakwa chotani. Mu 2019 chiwerengero chinabwereranso kupitirira 40, ndipo Catherine Gotani Hara anakhala sipikala woyamba wamkazi.

Lamulo limene amayi a zionetsero aja ankalozera linadutsa mu 2013, nthawi ya Joyce Banda. Ndi lamulo loona za kusasiyana pakati pa amuna ndi akazi, ndipo gawo 11 limati wolemba kapena wosankha anthu pa ntchito za boma aonetsetse kuti amuna kapena akazi asachepere 40 pa 100 aliwonse, ndiponso asapitirire 60. N'chifukwa chake anthu amangoti 40:60. Koma lamuloli lili ndi pothawira. Limalola wosankhayo kupatuka ngati wofunsira ntchito alibe maphunziro oyenera, ngati wapatsidwa udindo n'kuukana, kapena ngati munthu woyenera sanapezeke. Enanso amati mawu a lamulowo akunena za nthambi za boma, osati nduna kapena mabodi. Pamenepo ndi pamene mkangano umazungulira chaka ndi chaka, ndipo pothawira potchuka ndi pomwepo poti tinafunafuna koma sitinawapeze.

Wina angafunse kuti bodi ili ndi chiyani choti anthu n'kuyendera pamsewu. Bodi ya ESCOM, ya ADMARC kapena ya madzi ndiyo imavomereza bajeti, imayang'anira mkulu wa kampani ndi kufunsa za makontrakiti akuluakulu. Madzi akasiya kutuluka pampopi, amene amadzuka usiku ndi ndowa ndi mayi. Msika wa chimanga ukatsekedwa, amene amagona pamzere ndi mayi. Komanso bodi ndi makwerero. Munthu akakhala m'bodi imodzi, dzina lake limadziwika, amaitanidwa ku ina, mawa ndi wapampando, mkuja ndi kazembe. Mayi akamanidwa mpando woyamba, pa wachiwiri amauzidwa kuti alibe luso la m'mabodi.

Nawo mabungwe omwe si aboma asadzione oyera. Ndinakhalapo m'bodi ya kabungwe kena kothandiza ana amasiye, anthu 9, amayi tilipo 2. Pa msonkhano woyamba wapampando anandiyang'ana n'kunena kuti, "Mayi, mutitsegulire ndi pemphero." Ndinapemphera. Atafika pofuna wolemba zokambirana, maso onse anatembenukira kwa mnzanga uja, amene anali yekhayo m'chipindamo wodziwa bwino za akaunti. Tiyi atabwera, anasiya thireyi pafupi ndi ife. Mnzangayo anadikira mpaka pa lipoti la zachuma, n'kuika cholembera pansi, n'kufunsa chifukwa chimene ndalama za mafuta a galimoto zinaposera za chakudya cha ana. M'chipindamo munangoti zii. Funso limenelo linali litakhala pa pepala miyezi yambiri, aliyense akuliona. Kuyambira tsiku lomwelo malisiti anayamba kubwera ku msonkhano ali m'faelo.

Sindikunena kuti mayi aliyense wokhala pampando ndi mngelo. Jane Ansah, amene anakhala mlangizi wamkulu wa boma pa zamalamulo woyamba wamkazi mu 2006, anatsogolera chisankho cha 2019 chimene khothi linachifafaniza mu Febuluwale 2020, ndipo anthu anayenda m'misewu miyezi yambiri kufuna kuti atule pansi udindo. Mu 2025 anthu anavotera Peter Mutharika pamodzi ndi mayi Ansah, mayiwo n'kukhala wachiwiri kwa pulezidenti, pa chisankho chimene wapampando wake analinso mayi, Annabel Mtalimanja. Mayi ayesedwe ndi ntchito yake, ayamikiridwe kapena adzudzulidwe monga achitira ndi bambo. Koma kuti ntchitoyo ioneke, ayambe wakhala pampandopo.

Zionetsero za 2020 zija zitangochitika, pasanapite nthawi yaitali, boma lomwelo linalengeza majaji atsopano 12 a khothi lalikulu. Mwa iwo, 6 anali amayi. Ena anali mamajisitireti, ena maloya odziwika, anthu amene anakhala akugwira ntchito m'makhothi momwemo zaka zambiri, maina awo ali m'mabuku a boma nthawi yonse imene ankati oyenera sakupezeka. Mabodi amakhala ndi nthawi yake, ikatha mndandanda wina umatuluka, ndipo ukangotuluka pa foni, ine ndi mnzanga wa akaunti uja timatumizirana, aliyense n'kutenga cholembera kuyamba kuwerenga maina bodi ndi bodi.