Madzi a ku Thailand omwe adaimitsa mlandu wa ku Guantanamo

Mu Julayi 2024 oimira boma la America adamvana ndi Khalid Sheikh Mohammed, mkaidi wa kundende ya asilikali a America ku Guantanamo, ku Cuba, kuti avomere mlandu wokonza chiwembu cha pa 11 Seputembala 2001, ndipo apulumuke chilango cha imfa. Patangotha masiku awiri nduna ya zachitetezo ya panthawiyo, Lloyd Austin, idathetsa mgwirizanowo. Mabanja a anthu pafupifupi 3,000 omwe adafa tsiku lija akudikirabe chigamulo. Chimene chidazinga mlanduwu chidayambira kundende yachinsinsi ya CIA, bungwe la ukazitape la America, ku Thailand, pa thupi la munthu wina.

Munthuyo ndi Abu Zubaydah, yemwe adagwidwa ku Faisalabad, Pakistan, mu Malichi 2002 atawomberedwa. Poyamba ankamufunsa ndi anthu a FBI, bungwe lofufuza milandu la America, ndipo mmodzi mwa iwo, Ali Soufan, adauza aphungu mu 2009 kuti Zubaydah adaulula za udindo wa Mohammed asanazunzidwe n'komwe. Koma a CIA ankakhulupirira kuti akubisa zambiri. Adaitana akatswiri awiri a zamaganizo, James Mitchell ndi Bruce Jessen, omwe anali asanafunsepo mkaidi weniweni. Ntchito yawo yakale inali yophunzitsa asilikali kupirira akagwidwa ndi adani, ndipo njira zomwezo adazitembenuza kukhala zofunsira anthu. Pa 1 Ogasiti 2002 loya wa boma, Jay Bybee, adasaina kalata yonena kuti waterboarding, njira yothira munthu madzi kumaso kuti amve ngati akumira, si chizunzo pamaso pa lamulo. Pa 4 Ogasiti adayamba kumuthira madzi Zubaydah.

Munthu amamangidwa chagada pathabwa lopendekeka, mutu kumunsi, nsalu kumaso, madzi n'kumathiridwa. Mpweya umatsekeka, thupi n'kuzindikira kuti likumira. Akuluakulu ankati n'kungomuopseza, koma madziwo amalowadi m'mphuno ndi kukhosi. Munthu amasanza, ndipo masanzi akalowa m'mapapo amayambitsa chibayo. Kholingo likhoza kudzitseka lokha osatsegukanso ngakhale madzi atasiya. Madokotala a CIA ankazidziwa zonsezi, n'chifukwa chake akaidi ankapatsidwa zakudya zamadzimadzi zokha.

Lipoti la nyumba ya malamulo ya Senate ya ku America la mu Disembala 2014, lochokera m'makalata a CIA yomweyo, likuti Zubaydah adathiridwa madzi maulendo 83 mwezi umenewo. Tsiku lina adangoti zii osatakataka, thovu likutuluka m'kamwa modzaza madzi. Ena mwa ogwira ntchito pamalopo adalengeza misozi, ndipo adalembera likulu kuti munthuyu alibenso chobisa. Likulu lidalamula kuti apitirize. Apa ndi pomwe ine ndimaona kuti zinthu zidakhotera, chifukwa omwe ankamuona ndi maso adagonjera omwe ankangowerenga malipoti ali kutali.

Oikira kumbuyo ntchitoyi amati nambala 83, komanso 183 ya Mohammed, yemwenso adathiridwa madzi mu Malichi 2003, ikuwerenga kuthira kulikonse, osati kumangidwa pathabwa. Zikhoza kukhala choncho. Amatinso zomwe adamva zidapulumutsa miyoyo, zimene lipotilo likutsutsa, ndipo Mohammed mwiniwake adauza a Red Cross kuti ankapeka mabodza kuti amusiye. Umboni umene ukadathetsa mkangano wa zomwe zinkachitika m'chipindamo ndi matepi 92 a kanema, koma Jose Rodriguez wa CIA adalamula kuti awonongedwe mu Novembala 2005.

Boma lomwelo lidalangapo anthu pa mchitidwewu. Yukio Asano wa ku Japan adalamulidwa zaka 15 mu 1947 pozunza akaidi a ku America, kuphatikizapo ndi madzi. Mu 1983 mkulu wa polisi wa dera lina ku Texas, James Parker, adalamulidwa zaka khumi. Barack Obama adaletsa njirayi mu Januwale 2009, koma palibe wa CIA amene adazengedwa mlandu chifukwa chothira madzi akaidiwa.

Mu Ogasiti 2023 woweruza wa asilikali adakana mawu ovomera mlandu a Abd al-Rahim al-Nashiri, mkaidi wina wa ku Guantanamo yemwenso adathiridwa madzi ku Thailand, ponena kuti adadetsedwa ndi chizunzo. Zubaydah mwiniwake adaperekedwa kundende ya asilikali ya ku Guantanamo mu 2006, ndipo sadaimbidwepo mlandu uliwonse.