Inshuwalansi ya kuberedwa dzina, kodi kuno kwathu ndi yoyenera kuilipira?

Sabata yatha ku ofesi kunabwera mayi wina, mphunzitsi wa ku pulayimale cha ku Katete uko, atanyamula foni kuti andionetse ka link ka kampani ya inshuwalansi ya kuberedwa dzina komwe mwana wawo wa ku Lusaka anawatumizira pa WhatsApp, akuti muzilipira pang'ono mwezi ndi mwezi ndipo mbava zikadzaba dzina lanu ife tidzakuimirirani. Anangondifunsa kuti a bambo, ndilowe kapena ayi? Ine ndakhala mu ntchito ya inshuwalansi zaka zambiri, makamaka mbali ya ma claim, komwe anthu amadzapempha kuti inshuwalansi iwalipire, ndiye ndinawakhazika pansi kaye, ndipo zomwe ndinawauza ndizilembe panonso chifukwa funso lomweli ndikulimva kawirikawiri masiku ano.

Choyamba timvane kuti kuba dzina ndi chani. Si kuti munthu wakuberani ndalama mthumba ayi. Ndi pomwe wina watenga nambala ya regi yanu, mwina fotokope yake yomwe munasiya penapake, mwinanso ndi payslip, nkuyamba kuchita zinthu ngati ndinu. Alembetsa SIM, atsegula akaunti ya mobile money, atenga nkhongole pa ma app aja kapena ku ka kampani ka ma loan, ndalama nkudya, foni nkuzimitsa. Inuyo simudziwa kanthu, mudzazindikira patapita miyezi pomwe mwapita ku banki kukapempha loan yomalizira nyumba kapena ya sukulu ya mwana nkukuuzani kuti dzina lanu lili pa CRB, komwe amasunga mbiri ya nkhongole za anthu, muli ndi nkhongole yosabweza, pomwe simunagwireko ngakhale ngwee imodzi. Apo ndi pomwe mutu umayamba kuwawa, chifukwa kutsuka dzina kumatenga nthawi, ku polisi, kukalumbira kwa a commissioner for oaths, makalata, mwina ulendo wa ku Lusaka kawiri katatu, ndipo masiku onsewo kuntchito simuliko.

Tsono inshuwalansi ija mbali yake yaikulu imalipira zimenezi basi, ndalama zomwe mwaononga potsuka dzina. Loya, mapepala, mafoni, nthawi zina malipiro a masiku omwe munajomba. Siiletsa wakuba kuba. Anthu ambiri akamva mawu oti chitetezo amaganiza kuti pali mlonda wayima pakhomo, pomwe chomwe agula ndi munthu wodzawathandiza kusesa mbava zitapita kale. Ma policy ena amanenadi kuti adzabweza ndalama zobedwa, koma muwerenge timawu tating'ono ta kumapeto, pamenepo ndi pomwe ife a ma claim timayambira kuwerenga.

Malonda amenewa anakulira ku America komwe munthu aliyense moyo wake umayenda pa nambala imodzi ya Social Security, yokhala ngati nambala ya regi kuno kwathu. Kampani ina yotchuka kumeneko, LifeLock, mkulu wake wa nthawiyo Todd Davis ankalemba nambala yake poyera mu malonda pofuna kuonetsa kuti chitetezo chawo ncholimba, koma dzina lake linagwiritsidwabe ntchito ndi akuba ka 13, ndipo bungwe la boma la FTC pamodzi ndi ma state 35 analipiritsa kampaniyo madola 12 miliyoni mu 2010 chifukwa cholonjeza zoposa zomwe ingathe, kenako FTC inailipiritsanso madola 100 miliyoni mu 2015. Mu 2017 kampani ya Equifax, yomwe imasunga mbiri ya nkhongole za anthu, inathyoledwa makompyuta ndipo zinsinsi za anthu pafupifupi 147 miliyoni zinatuluka. Ndikunena izi kuti muone kuti ngakhale kwa eni ake komwe zinthuzi zinayambira, kulipira sikunatseke khomo. Ndipo zambiri zomwe mukuziona pa intaneti zinakonzedwera anthu a kumeneko, zimalondera nambala ya Social Security ndi ma credit bureau a ku America, regi yanu ya ku Chipata sakuidziwa nkomwe, ndiye mutha kumalipira madola mwezi uliwonse pa chinthu chomwe sichikukuyang'anirani.

Koma chomwe chimandiwawa kwambiri ndi ichi. Kuno kwathu ndalama zambiri zomwe ndaona anthu akulira nazo sizinapite chifukwa wina anathyola kompyuta. Zinapita chifukwa foni inalira, munthu wa mawu aulemu akuti ndine wa ku customer care, line yanu itsekedwa lero, tiwerengereni ka nambala komwe tatumiza. Kapena ka meseji kaja koti ndalama ija mutumize pa nambala iyi, kofika tsiku lomwe mwagwirizana ndi a landilodi. Kapena nthawi ya FISP, wina ayenda m'midzi kutolera ma regi akuti tikulembetsani feteleza, agogo nkupereka ndi mtima wonse. Pa nkhani ngati izi mwini wake ndi amene wapereka PIN kapena watumiza yekha, ndipo ma policy ambiri amalemba poyera kuti ngati munapereka nokha nambala yachinsinsi kapena munavomereza nokha kutumiza, salipira. Ndiye taganizani, ngozi yomwe ili pafupi kwambiri ndi mayi wogulitsa ku Kapata market ndi yomweyo yomwe pepala likuikana. Ndakhalapo mbali ya tebulo yomwe umauza munthu kuti claim yakanidwa, sichinthu chopepuka kumuona bambo wamkulu akugwetsa misozi pa ndalama ya soya ya chaka chonse.

Kodi palibe amene ingamuthandize? Alipo ochepa. Munthu wa bizinesi yaikulu amene dzina lake lili ku PACRA, komwe amalembetsa makampani, ngati director, amakhalira ma loan a ku banki, mapepala ake amayenda m'manja mwa ma ajenti ambiri pa boda ya Mwami kapena poitanitsa galimoto kunja, ameneyo dzina likadetsedwa mwezi umodzi wokha bizinesi itha kuima, ndipo loya adzamufunadi. Kwa iyeyo ndingati afunse, makamaka ngati ikubwera ngati chowonjezera chotchipa pa inshuwalansi yomwe ali nayo kale. Koma afunse zinthu izi asanasaine: kodi kampaniyo ili ndi laisensi ya PIA, bungwe lomwe limayang'anira inshuwalansi muno mu Zambia, kodi ikubweza ndalama zobedwa kapena zotsukira dzina zokha, nanga excess ndi zingati, chifukwa ngati gawo lomwe mukuyenera kulipira nokha ndi lalikulu kuposa zomwe mungaononge, ndiye simunagule kanthu.

Kwa mphunzitsi, nesi, mlimi, wa pa booth, ine ndimati ndalamayo isungeni, koma mugwire ntchito yomwe inshuwalansi singakugwirireni. Fotokope ya regi musamaisiye yoyera, lembani mzere modutsa pakati kuti iyi ndapereka kwa akuti, pa nkhani yakuti, tsiku lakuti, kuti wina asakaigwiritse ntchito kwina. Musamatumize chithunzi cha regi mu ma gulupu a WhatsApp ofuna ntchito. Regi ikatayika pitani ku polisi tsiku lomwelo ndipo lipotilo mulisunge bwino ngati title deed, ndi lomwe lidzakuchitireni umboni wina akadzatenga nkhongole pambuyo pa tsikulo. Pitani ku shopu ya Airtel, MTN kapena Zamtel mukafunse kuti pa regi yanga pali ma line angati, womwe simukuudziwa autseke. Foni ikangotaya netiweki mwadzidzidzi pomwe anzanu pafupi ali nayo, musadikire mawa, mwina wina wasinthitsa SIM yanu. A ZICTA, bungwe loyang'anira za mafoni, anaika *707# yonenera nambala za akathyali. Ndipo malamulo alipo mbali yanu, Credit Reporting Act ya 2018 imakupatsani ufulu woona lipoti lanu la CRB ndi kutsutsa zolakwika, Data Protection Act ya 2021 imakakamiza omwe amasunga mapepala anu kuti awasamale, anthu ambiri sadziwa kuti atha kufunsa kuti kodi fotokope yanga mwaiyika kuti.

Amayi aja sanalowe. Tinatenga cholembera pompo, ma fotokope atatu omwe anali mchikwama tinawalemba mizere, PIN yawo yomwe inali chaka chawo chobadwa anaisintha ali pampando womwewo, kenako ananyamuka kupita mtauni kukafunsa za ma line asanakwere basi yobwerera ku Katete.