Getsi la handibuleki ya batani likayaka, musathamangire kugula mota

Magalimoto ambiri omwe tikugula masiku ano kuno ku Johannesburg alibenso handibuleki yokoka ndi dzanja ija yomveka krrr. Golf 7, Tiguan, Audi A4, Benz C-Class ya W205, onsewa pali kabatani basi kolembedwa P. Sikuti ndi zachilendo ayi, BMW 7 Series inali nazo kale mu 2001, koma pano zafika pa magalimoto omwe ifeyo timakwanitsa kugula atayendapo kale, nde mavuto ake asanduka athu. Ine ntchito yanga ndi ya magetsi a galimoto, ndipo chomwe chimandiwawa ndi kuona munthu akubwera atagula kale mota ya handibuleki kapena kalipa yonse (chitsulo chofinya mapadi a buleki pa disiki) pa sikirapu, ndalama zapita, pomwe vuto linali batire.

Kaye mumvetse momwe chinthuchi chimagwirira ntchito. Pa magalimoto ambiri, pa kalipa ya tayala lililonse la kumbuyo pamakhala kamota kakang'ono. Mukamanga handibuleki pa batani kamotako kamazungulira n'kukankha pisitoni, mapadi n'kugwira disiki. Nde kompyuta imadziwa bwanji kuti buleki yagwira mokwanira, poti ilibe maso? Imaona kuchuluka kwa magetsi omwe mota ikukoka, buleki ikamathina mota imalemedwa n'kumakoka ambiri, akafika pa mlingo wake kompyuta imati basi yagwira. Apa ndi pomwe pagona nkhani yonse. Chilichonse chosokoneza magetsi, kaya batire yofooka, kaya waya wodzimbira, kompyuta imaona ngati buleki yawonongeka n'kuyatsa getsi lija, kwina imalembanso uthenga pa dashibodi. Palinso mtundu wina ngati wa pa Discovery 3, mota imodzi yokoka zingwe, imene ija ikamafa imalira mokuwa mpaka anthu kutembenuka, koma imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina.

Choncho yambani ndi batire. Galimoto ikagona usiku wonse, batire yabwino imaonetsa ma volts 12.6 kapena pafupi pamenepo, ikakhala pa 12.2 ndiye kuti yatsala theka, kutsika pansi pa 12 imeneyo yatha mphamvu. Injini ikamalira muziona cha m'ma 13.5 mpaka 14.5, apo ayi kayezetseni alitaneta, yomwe imachaja batire. Anthu amanditsutsa kuti koma bwana galimoto ikulira bwinobwino, eya ikulira, koma nthawi yolizayo magetsi amatsika kwambiri ndipo kompyuta ya buleki imasunga zimenezo. N'chifukwa chake mu June ndi July, kuzizira kwa kuno kuja kofika pochita chisanu pa galasi, mavuto amenewa amachuluka m'mamawa, dzuwa likakwera getsi lazima lokha. Onaninso mitu ya batire ngati ili ndi zoyerayera zija kapena ikugwedera, ndi waya wa earth, wolumikiza batire ku chitsulo cha galimoto. Ndipo ngati getsi layaka mutangosintha batire kapena mutangochita jampu, pondani buleki, mangani ndi kumasula handibuleki kangapo, zimitsani galimoto n'kulizanso, nthawi zambiri limachoka.

Batire ikakhala bwino, gwiritsani ntchito makutu. Imikani pamalo a fulati, mnzanu akhale mkati aponde buleki azikoka ndi kukankha batani, inu mugwade kumbuyo. Mbali zonse ziwiri zikuyenera kumveka zzzz kwa kamphindi. Ngati mbali imodzi ili zii, vuto lili kumeneko, koma sindinanene kuti ndi mota. Waya wopita ku kalipa amapindika nthawi iliyonse tayala likadumpha, nde ndi maenje a m'misewu ya ku Rosettenville ndi Turffontein, kuphatikiza mvula ya masana ija yodzaza misewu mu December ndi January, wayayo amaduka mkati kunja akuoneka wabwinobwino, kapena pulagi yake imalowa madzi n'kuchita dzimbiri lobiriwira. Anyamata otsuka magalimoto ndi paipi ya mphamvu ija nawonso amathandizira kulowetsa madziwo. Kutsuka pulagi kapena kulumikiza waya ndi ntchito yaing'ono kwambiri poyerekeza ndi mtengo wa kalipa. Ngati mbali zonse zili zii, onani fyuzi, kenako batani lenilenilo, chifukwa pa magalimoto ambiri limakhala pomwe timaika zakumwa ndipo zotsekemera zikatayikira mkatimo limamata.

Nthawi zina handibuleki ilibe mlandu olo pang'ono. Imadalira uthenga wochokera kwina, monga kaswichi ka pa pedulo ya buleki komwe kamayatsa magetsi ofiira kumbuyo, kakafa galimoto siidziwa kuti mwaponda nde imakana kumasula. Sensa ya pa tayala ya ABS, yoletsa matayala kukhwekhwereza mukaponda buleki, ikafa, magetsi atatu kapena anayi amayakira limodzi, munthu n'kumaganiza kuti galimoto yatha. Mafuta a buleki akatsika nawonso amayatsa getsi.

Tsopano nkhani ya mapadi, apa ndiye ndimakangana ndi amakaniko anzanga a m'mbali mwa msewu. Mapadi a kumbuyo pa galimoto yotere sasinthidwa ngati a galimoto ya handibuleki yokoka ndi dzanja ayi. Pamafunika kaye kuuza kompyuta, kudzera pa makina olumikiza ku galimoto, kuti ibweze mota m'mbuyo, ena amati service mode, kenako ndiye mukankhe pisitoni, mukamaliza muitsekenso ndi makina omwewo. Wina amangotenga kilampu n'kufinya ndi mphamvu, zamkati mwa kalipa n'kuphwanyika, mawa getsi layaka ndipo tsopano kalipa yafadi. Musanapereke galimoto funsani kuti achimwene, makina otsegulira buleki ya kumbuyo muli nawo? Akayamba kuzungulira kuyankha, nyamukani. Chimodzimodzinso timakina totchipa tolumikiza ku foni tija, tambiri timawerenga za injini zokha, timakuuzani kuti palibe vuto pomwe getsi likuyaka pamaso panu. Pamafunika makina olowa mu kompyuta ya buleki, ndiwo amanena kuti ndi mbali ya kumanzere kapena kumanja, waya waduka kapena magetsi anatsika. Ndipo kungofufuta khodi, uthenga wa vuto womwe kompyuta yasunga, si kukonza, musalipire zimenezo.

Nanga poyembekeza kukonza? Getsi la chikasu, pedulo ikugwira bwino ndipo matayala akuyenda momasuka, mutha kuyenda mpaka ku galaja, koma poimika musaidalire handibulekiyo. Ya otomatiki ikani pa P, ya manyuwo siyani mu giya, pa chitunda ngati za ku Kensington kapena Northcliff khotetsani matayala aloze m'mphepete mwa msewu, ikaninso njerwa kunsi kwa tayala, palibe chamanyazi. Getsi likakhala lofiira ndipo pedulo yafewa kapena ikumira, imeneyo musayendetse ngakhale pang'ono. Handibuleki ikakanirira osamasula musaikakamize galimoto kuyenda poponda mafuta, mungopsereza mapadi ndi disiki, ndipo musaikoke ndi chingwe matayala akukhwekhwereza, iyenera kukwezedwa pa lole. Magalimoto ena ali ndi njira yomasulira pamanja, imalembedwa mu kabuku ka galimoto kaja komwe ambiri sititsegula.

Inu amene mukukonzekera kupita nayo kumudzi pa Khirisimasi, konzani kuno musananyamuke. Pa mzere wa pa Beitbridge mumanga ndi kumasula handibuleki kosawerengeka, kuzimitsa ndi kuliza injini, mafoni onse ali pa chaja, batire yofooka siipirira zimenezo, ndipo ikakakumangirani cha ku Tete kapena musanafike pa Mwanza, kupeza makina owerenga Tiguan ndi pulagi yake sikophweka ngati kuno.